Khomo la Dona

Mwazimva zimene zikunong'onedwa pa mjigo? Akuti Sigele, mwana wa a Nankhoma a kuseri kwa chigayo, analowa m'kati mwa mbira. Ena akuti anachita kumezedwa, ena akuti anapita yekha ndi miyendo yake, ndipo amayi ena a kwaya afika pomati mwanayo akufunika mapemphero. Onsewo akungolankhula za m'mutu mwawo. Ine ndimakhala naye desiki imodzi, anandiuza yekha tikudya nzimbe, ndipo mathero ake ndinawaona ndi maso angawa. Ndiye khalani pansi ndikuuzeni bwinobwino.

Mbirayo dzina lake ndi Dona. Ndi woyera mbee, wa banga lofiirira pa diso limodzi ngati anamenyedwa ku mowa. Anali wa malemu Felesiya, mkulu wake wa Sigele, amene anatisiya chaka chatha ali Fomu 3. Felesiya ankamukonda zedi, moti za mayeso ake ankaloweza mokweza m'khitchini uku akumudyetsa makoko a mbatata. Iye atamwalira, mbira zina zonse zinatha, zina mphaka, zina ndiwo. Anatsala Dona yekha, ndipo Sigele ankamusamala ngati khanda.

Koma Dona, abale, matama! Chibadwire sanaswepo. Mbira yamphongo m'mudzi muno ili ndi a Nasibeko okha, aja ogulitsa mandasi, chimphongo chakuda bii dzina lake Sajeni. Ndipo kuno kwathu zimayenda chonchi: ukapititsa mbira yako kwa mphongo ya mnzako, ikangolola, mwana mmodzi ndi wa mwini mphongo. Kuyambira tsiku limenelo mbirayo si yako wekha. Sungaiphe, sungaigulitse, mpaka itaswa.

Sigele ankamupititsa Loweruka lokhalokha poti masiku enawa kuli sukulu, ndipo sankalola kuti agone komweko chifukwa a Nasibeko ali ndi mphaka wakuba. Ndiye Sajeni akabwera akugwedeza chiuno, akulira kurrr ngati njinga yamoto yakutha, Dona ankangotembenuka n'kumuthira mkodzo kumaso, psii! A Nasibeko kuseka mpaka kugwira nthiti. Sigele n'kunyamula Dona wake, ulendo kunyumba mwamanyazi. Loweruka lina chimodzimodzi. Lina chimodzimodzinso.

Tsono tsiku lina la sukulu m'mawa a Nankhoma anati, "Amalume ako akubwera mawa kuchokera ku Mchinji. Mbira yosaswa ndi ndiwo. Ndikabwera ku dimba madzulo ndiipha." Ananola mpeni pa mwala wa pakhomo, n'kuusomeka ku denga la khitchini.

Sigele tsiku limenelo m'kalasi sanalankhule, ngakhale chigumu changa anakana. Titaweruka anathamangira ku khitchini, anakhala pansi pafupi ndi mafuwa, n'kumuika Dona pachifuwa. Dzuwa linali paliwombo. Ndipo analota. Ndikuti analota poti ndiwo mawu amene inu mungamve, koma mwini wake sanena choncho.

Dona anayasamula. M'kamwa mwake munali kakhonde kozira bwino ndi dothi lakuda, mano awiri aja ataima ngati nsanamira. Sigele anavula masilipasi ake obiriwira, anawasiya pakhondepo, anaodira, n'kulowa.

Asanapite patali anamva wina akuodira kumbuyo kwake. Atacheuka anaona mpeni wa amayi ake ukubwera, ukuyenda ndi nsonga, tswi, tswi, tswi.

"Pepani, mayi, ndatsagana nanu," unatero mpeniwo. "Ntchito yanga ili muno madzulo ano. Ndati ndidziwiretu njira."

"Bwererani," anatero Sigele.

"Sindingathe. Ndanoledwa kale."

Anayenda awiriwo. M'katimo munali ngati m'nyumba mwawo momwe, makalendala akale omwe aja pakhoma, koma zipinda zinali zambiri ndipo makoma ankapuma. Kutali kunkamveka du, du, du, ngati wina akusinja osatopa. Sigele anatsegula chitseko cha chipinda cha Felesiya, chija chakhala chotseka chimwalirire mwini wake, ndipo m'malo mwa bedi anapezamo mtsinje. Mtsinje weniweni, wofiira, wofunda, ukuyenda motsatira kusinja kuja. M'mbali mwake munakhala Felesiya ali mu yunifomu, kolala itasitidwa bwino, atazika mthiko m'madzi.

Sigele anathamangira komweko. "Achemwali! Ndinu?"

"Ndine. Mwachedwa, Sigele. Pindani diresi, madzi akukwera."

Ali moyo ankamuitana kuti iwe Kamutu, koma kumeneko anthu amapatsana ulemu. Sanakumbatirane. Felesiya anangomugwira pa mkono, dzanja lake likununkha sopo yemwe uja, n'kulowa naye m'madzi. Mpeni unkasambira pambuyo pawo chagada.

"Awa ndi magazi a Dona," anatero Felesiya. "Muno mulibe foni. Wofuna kutumiza uthenga amauthira m'madzi, ndipo thupi lonse limamwa n'kumva. Ku sukulu amati mahomoni."

Anafika pa tizilumba tiwiri, kena kumanja kena kumanzere. Pa tizilumbapo panali timiphika tovundikira, ting'onoting'ono, tina tokulirapo, ndipo m'kamphika kalikonse munali dzira laling'ono kuposa njere ya mawere. Pakati pa timiphikato panali mayi wamtali wovala chitenje cha maluwa ofiira, wezulo pakamwa, ngati mkulu wa zovina pa chinkhoswe. Eee, mayi ameneyo! Ankatunga madzi m'timiphika tikulutikulu tija n'kumakhuthulira mumtsinje, uku akululuza, uku akusesa, uku akuzira makoma, zonsezo nthawi imodzi. Akathira, mtsinje unkakwera. Chilichonse chimene madziwo akhudza chinkayamba kuvina. Makoma kuvina, udzu umene Dona anadya m'mawa kuvina, miyendo ya Sigele kuvina yokha iye asanaiuze. Ngakhale mpeni unayamba kudumphadumpha, kenaka unachita manyazi n'kuima.

"Takulandirani!" anakuwa mayiyo. "Ine ndine Mayi Esitirojeni. Ndimabwera kudzatsegula."

Sigele anagwada m'madzi momwemo. "Zikomo, mayi. Ndili ndi funso. N'chifukwa chiyani Dona amakana Sajeni? Amayi akuti ndi wouma. Anthu akuti ndi matama."

Mayi Esitirojeni anaseka mpaka wezulo inagwa. "Matama! Mwana inu, mumabwera ndi mlendo pa nyumba ya khomo losokedwa, ndiye mukuti matama? Taonani uko."

Kumapeto kwa mtsinje kunali khomo. Chitseko panalibe. Panali kachikopa kopyapyala ngati kaja ka m'kati mwa chikhokho cha dzira, kosokedwa ndi ulusi mbali zonse, mosoka mwaluso kuposa telala wa pa msika. Kuwala kwa kunja kunkaonekera pang'ono.

"Amasoka ndi anzangawo," anatero Mayi Esitirojeni.

Pafupi ndi khomolo panakhala mayi wina wa duku lachikasu, wowonda, diresi likumukhwepa ngati lobwereka. Ankapinda mphasa pang'onopang'ono, imodzi imodzi, osafulumira. Sanadzuke. Anangomuyang'ana Sigele kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu mwana wa Loweruka uja?"

"Ndine, mayi."

"Ine ndine Mayi Pulojesiteroni. Anzangawa akamaliza phokoso lawo ndimalowa ndine. Ndimasoka khomo, ndimayala mphasa, ndimanenepa, ndimadikira ana. Ndikakhala muno sindifuna mwamuna wolira kurrr pakhomo panga. Mkodzo uja ndimalamula ndine."

Sigele akuti anafuna kuseka koma anadziluma mlomo.

"Ana akapanda kubwera ndimawonda, monga mukundioneramu, ndipo ndimapinda mphasa zanga n'kuchoka. Ndapinda kambirimbiri chifukwa cha inu. Msana wanga ukuwawa."

"Pepani, mayi. Masiku enawa ndimakhala ku sukulu."

"Muno mulibe Loweruka," anatero Felesiya. "Mulibenso sukulu. Awiriwa amasinthana, wina akakwera wina amatsika. Ikapita milungu iwiri ndi kamchira, khomo limamasulidwa, ndipo Dona amalandira mlendo kanthawi kochepa, kosakwana n'tsiku lomwe. Ukaphonya, dikiranso milungu iwiri ndi kamchira."

"Nanga amasula liti?"

Felesiya anazula mthiko uja n'kumuonetsa. Chakumtunda kwake kunali kamzere kocheka. Madzi anali atanyowetsa mpaka pansi pa kamzereko, patangotsala malo ngati chikhadabo.

"Akafika apa, wa ng'oma amene amakhala ku phiri la kumutu aimba kamodzi kokha. Timiphika tija tiyamba kung'aluka, mazira atuluke. Ndi lero, Sigele."

Lero! Sigele analumpha, madzi kuthovukira anthu onse. Lero lomwe lino! Anavina, anaimba m'manja, anamugwira Mayi Esitirojeni m'chiuno n'kuzungulira naye. Koma mpeni unatsokomola.

"Ngati zili choncho ndifulumire," unatero. "Mayi anu sachedwa ku dimba." Ndipo unatembenuka kuloza kumene kunkamveka kusinja kuja, du, du, du.

Sigele anaima kutsogolo kwake atatambasula manja. "Mudutsa pa ine."

"Inu sindinatumidwe, mayi. Chonde patukani."

"Amayi ndi oipa mtima," anatero Sigele, misozi ili chuchuchu. "Akudziwa kuti Dona ndi wanu, achemwali. Nkhuku zilipo. N'chifukwa chiyani akufuna Dona?"

Felesiya anazikanso mthiko m'madzi. "Musawade amayi. Dona akalira m'mawa, iwo amayesa ndine ndikutsegula khitchini. Amadzuka, kenaka amakumbukira. Tsiku lililonse." Anamugwira Sigele pa phewa. "Tsopano mverani. Mukatuluka, mumusisite Dona pamsana ndi zala ziwiri, kuchokera pakhosi kutsikira kumbuyo, monga ndinkachitira ine. Akapinda msana n'kuima nji, thamangani. Khitchini musatseke. Masilipasi musawabwerere, ndikusungirani."

Pomwepo Mayi Esitirojeni anakhuthula mphika wotsiriza. Madzi anakhudza kamzere.

GU!

Ng'oma inalira kamodzi kuchokera kumtunda, ndipo zonse zinaima. Makoma anagwira mpweya. Pa tizilumba paja panamveka the, the, the, timiphika tikuyamba ming'alu. Mayi Esitirojeni anathamangira ku khomo, anagwira ulusi, anakoka, anauluma ndi mano, koma mfundo yake inakana.

"Mwamanga kwambiri ulendo uno, anzanga!"

"Ndinakwiya," anayankha Mayi Pulojesiteroni osadzutsa mutu.

Mayi Esitirojeni anasaka lumo m'chitenje, mulibe. Anasaka m'duku, mulibe. Madzi anali atayamba kale kutsika pa mthiko. Apa ndi pamene Sigele anaonetsa kuti Kamutu kaja kali ndi nzeru. Anagwada pamaso pa mpeni, manja pachifuwa.

"Bambo Mpeni, muno monse palibe wakuthwa kuposa inu. Tithandizeni."

Mpeni unaima. Unayang'ana kumene kunkamveka kusinja, unayang'ana ku khomo. "Sindinatumidwe zimenezo," unatero. Koma mukudziwa mmene alili amuna ukawayamikira. Unayenda tswi, tswi, tswi, mpaka pakhomo, unakweza nsonga, n'kudula mfundo ija kamodzi.

Ulusi unasosoka wokha kuzungulira khomo lonse. Kachikopa kanagwa, dzuwa linalowa, ndipo Mayi Esitirojeni analuluza mpaka mtsinje unachita mafunde.

"Aka n'koyamba kudula kanthu popanda wolira," unatero mpeni, ukudabwa.

"Tulukani msanga," anatero Mayi Pulojesiteroni. Anali atayamba kale kulowetsa ulusi wina mu singano, ndipo masaya ake anali akubwerera. "Ndikangomaliza apa ndikusokanso. Ndipo ulendo uno mundibweretsere ana. Mphasa zanga sindipindanso."

Sigele anaika phazi limodzi kunja. Kenaka anacheuka. "Achemwali, tiyeni."

"Ine ndine woyeza madzi," anatero Felesiya. Ndipo anamwetulira, kumwetulira kwake kwa kale kuja koonetsa mpata wa mano. "Thamanga, iwe Kamutu."

Sigele anadutsa.

Kunja kwa khomolo kunali khitchini yawo yomwe, mafuwa omwe aja, dzuwa litapendeka. Dona anali pamiyendo pake. Diresi linali lonyowa mpaka m'maondo, ndipo ndikudziwa zimene mukufuna kunena, anthu pa mjigo ananena kale, kuti ndi Dona anamukodzera. Kaya. Sigele anaika zala ziwiri pakhosi pa Dona n'kutsitsa pang'onopang'ono. Dona anapinda msana, anaima nji, n'kulira kurrr, kulira kumene sanalirepo chibadwire.

Apa tsopano ndi pamene ndikulowamo ineyo, ndiye musandiuze kuti ndinamva kwa anthu. Ndinali pa mjigo, ndowa yanga ili pa mpopi. Tinangoona fumbi. Sigele! Wopanda nsapato, diresi lonyowa, Dona ali m'manja ngati mbale ya ndiwo zotentha, akukuwa, "Latseguka! Khomo latseguka!" Analumpha ngalande, anadutsa pakati pa mbuzi za a Chikakuda, anagunda lichero la tomato la munthu osapepesa. Ndipo kumbuyo kwake, abale inu, mpeni! Mpeni womwe uja, ukunyezimira padzuwa, koma ulendo uno uli m'dzanja la a Nankhoma. Anali atabwera msanga ku dimba, anapeza khitchini ili pululu, n'kuganiza kuti mwana akukabisa ndiwo za alendo.

"Sigele! Iwe Sigele! Bwera nayo kuno mbirayo!"

Ife ndowa tinazisiya pomwepo. Mjigo wonse unatsatira, ngakhale amayi oyembekezera.

A Nasibeko tinawapeza akukazinga mandasi pakhonde.

"Odi, odi, odi! Sajeni ali kuti?" anatero Sigele, mpweya ukumuthera.

"Iwe mwana, lero si Loweruka."

"Muno mulibe Loweruka!"

"Wati chiyani?"

"Chonde, azakhali, tsegulani, nthawi ikutha! Akusokanso!"

A Nasibeko anatiyang'ana ife ngati akufunsa kuti mwanayu wadya chiyani, komabe anapukuta manja n'kutsegula khitchini yawo. Sigele anamutsitsa Dona pansi. Sajeni anatuluka kuseri kwa nkhuni, akugwedeza chiuno monga mwa nthawi zonse.

"Tsinzina, Sajeni mwana wanga," anatero a Nasibeko. "Mvula ija yabweranso."

Tonse tinadikira psii uja. Sanabwere. Dona anayenda yekha kupita kwa Sajeni, anamununkhiza pamphuno, n'kuima nji.

"Aaa! Ana nonse tulukani!" anakuwa a Nasibeko akutikankha ndi chipande. "Tulukani, izi n'za eni ake!" Anatseka chitseko, iwo n'kumasuzumira pa kabowo okha, tangoganizani. Patangopita kanthawi tinamva nthungululu, lululululu, mpaka nkhuku zinabalalika.

Ndi pamene anafika a Nankhoma, thukuta lili kamukamu, mpeni m'manja. A Nasibeko anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Amake Felesiya, mpeniwo bwezani. Muli mwana wanga mmenemo."

"Mwana wanu uti? Mbira youma imeneyo?"

"Youma? Funsani Sajeni. Yalola, anthu onsewa ndi mboni. Kuyambira lero Dona ndi wa tonse, ndipo mukamukhudza tikaonana pabwalo."

"Nanga achimwene anga adya chiyani mawa?"

"Muli ndi tambala wosokosa uja, amatidzutsa tonse nthawi isanakwane. Mudzi wonse ukuthokozani."

Anthu anaseka, koma a Nankhoma sanaseke. Anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, miyezi yonseyi yakhala ikukana. Wakuuza ndani kuti ndi lero?"

"Achemwali," anatero Sigele.

Ziii. Ngakhale mafuta a mandasi analeka kulira.

"Ati chiyaninso?" anafunsa a Nankhoma, mawu atatsika.

"Ati ndisakudeni. Ati Dona akalira m'mawa mumayesa ndi iwo akutsegula khitchini."

A Nankhoma anakhala pansi pakhonde pomwepo. Mpeni anauika pambali. Sanalire mokweza ayi, anangophimba nkhope ndi nsonga ya chitenje kwa kanthawi. Kenaka anati, "Tandipatsani." A Nasibeko analowa n'kutuluka ndi Dona. A Nankhoma, amene sanamugwirepo chimwalirire Felesiya, anamuika pamiyendo n'kumusisita pamsana. Ndi zala ziwiri. Palibe anawauza.

"Agone konkuno lero," anatero. "Koma mphaka wanuyo mumutsekere m'nyumba, a Nasibeko. Akangomukanda mwana wa mwana wangayu, pabwalopo ndikafika ndine woyamba."

Mawa lake amalume a ku Mchinji anadya tambala, ndipo akuti anali wolimba ngati tayala. Dona ali moyo mpaka lero. Akudya ngati alendo awiri, mimba yayamba kutambalala m'mbali, ndipo Sajeni akangoyandikira, psii uja wabwereranso. Sigele akuti n'zabwino zimenezo, ndiye kuti mayi wa duku lachikasu wasoka khomo ndipo mphasa sanapinde. M'mawa uliwonse a Nankhoma ndi amene akutsegula khitchini, atanyamula masamba a nthochi.

Anthu pa mjigo akuti palibe chodabwitsa. Akuti mwanayo anangogona ndi njala, ndipo mayina ovuta aja anawamva kale Felesiya akuloweza za mayeso. Mwina. Koma Sigele akunenetsa kuti sakumbukira kudzuka, akungokumbukira kudutsa pakhomo. Ndipo pali kanthu kamodzi kamene ndikufuna mundithandize. Ine ndi iye tasesa khitchini yonse, tafukula phulusa, tagwetsa mulu wa nkhuni, tayang'ana padenga, tafunsa ana onse a m'mudzi muno mpaka ena talonjeza kuwamenya. Mnzanga akubwerabe ku sukulu chosavala kumapazi, ndipo sakudandaula n'komwe, akuti ali pabwino.

Tsono inu amene mukuti anangolota, tandiuzeni: masilipasi obiriwira a Sigele ali kuti?